Dikira Kaye Mavavu Afunde

Ampu ya a Gelesomu Daka ili ndi maswichi awiri,
oyandikana ngati mano akutsogolo a mwana.
Ina zilembo zake zikuonekabe,
ina zinatha kalekale ndi thukuta la chala.

Tsiku loyamba, m'kashopu kawo kuseri kwa msika wa Kapata,
ndinakweza onse awiri pamodzi, pha! pha!
Sanandikalipire.
Anangoika pansi chitsulo chowotcherera mawaya
n'kundiyang'ana ngati ndawaza madzi
pagalasi la nyali yotentha.

"Tilabilenji, ukuthamangira kuti?
Yambira kumbuyo. Waya wa sipika walowa?
Ampu yoyaka popanda sipika
ndi munthu wokuwa atam'tseka pakamwa.
Mawu amabwerera m'kati, n'kupsereza thiransifoma,
ndipo yamtundu umenewu suipeza m'Chipata muno,
ngakhale utakwera basi ya m'bandakucha kupita ku Lusaka.

Tsitsa voliyumu.
Ya sitendibai isiye igone.
Kweza ya moto yokha. Basi.
Tsopano werenga mpaka sikisite."

Ndinawerenga ndikumangitsa nkhope.
Panja akabaza amaimba mabelu,
wogulitsa mbatata amakangana ndi wina za chenji,
gitala ili pachifuwa panga, duu,
zala zikundiyabwa.
Nditafika pa sate ndinasuzumira kumbuyo kwa bokosi:
timabotolo tinayi tayamba kufiira pang'onopang'ono
ngati makala amene palibe akuwakupiza.
Fungo la fumbi lofunda.

"Tsopano idzutse inayo."
Sipika inapuma, fuu,
ndipo nsambo yoyamba imene ndinakhudza
inatuluka yonenepa, yofunda, ya mafuta ake.

Pozimitsa, anati, bwerera m'mapazi ako omwe:
imene unamalizira ndiyo uyambire.
Usainyamule ikadali yotentha,
msewu wa ku Nabvutika suchitira chisoni galasi.
Usaimbe wopanda nsapato pasimenti yonyowa.
Phini yachitatu ya pulagi si yokongoletsa,
amene amaithyola kuti ilowe m'soketi
amathyola mlatho wothawirapo moto.

Kenaka anandionetsa chala chawo chachikulu,
chipsera choyera ngati njere ya dzungu.
"Iyi inali yozima, pulagi ili m'manja mwanga.
M'mimba mwake imasunga moto
monga munthu amasungira mawu amene unam'nena chaka chatha.
Usatsegule. Ubwere nayo kuno."

Papita zaka zisanu ndi chimodzi.
Maso awo achita ng'ala, shopu ikugulitsa makava a foni,
ampu ili kwa ine.

Loweruka lapitali, ukwati ku Mchini,
holo yodzaza, akwati ali pakati pa bwalo,
magetsi anangoti thi!
Mdima. Mluzu. Wina anagwetsa kireti.
Dzanja langa linapita lokha, osandifunsa,
kukagoneka maswichi onse awiri n'kuzula pulagi,
pakuti magetsi a kuno pobwerera sagogoda,
amalowa ndi chitseko chomwe.

Atabwera, mababu onse ngwee,
anthu anayamba: "Tiyeni, abandi! Tiyeni!"
Wang'oma wagunda kale timitengo take,
tcheyamani wa ukwati akundiloza ndi wotchi,
apongozi a mwini wake aima, manja m'chiuno.

Pulagi. Waya wa sipika. Voliyumu pansi.
Ya moto yokha.

Wani. Thuu. Fili.
Sindinadziwe kuti mphindi imodzi n'njotalika chonchi
pamaso pa anthu mazana awiri.
Thukuta linatsika msana wonse.
Pa fote, phokoso litatopa lokha,
ndinamva kumbuyo, pafupi ndi khomo,
mawu okalamba, osasa, osathamanga,
akuwerenga limodzi nane.

Fifite-eyiti.
Fifite-naini.

Sindinacheuke.
Ndinaika chala pa swichi yopanda zilembo ija,
pamalo pamene chala chawo chinakumba kadzenje,
n'kuikweza.